Bambo Kamtedza, Amene Anakaniza Mjigo wa pa Makina

Malemu bambo Jailosi Kamtedza anabadwa pa 9 Malichi 1921 kwa Maganga. Ine ndine Masautso, mng'ono wawo, ndipo banja landituma kuti ndinene zonse, zokoma ndi zowawa zomwe.

Anaphunzira pasukulu ya mishoni mpaka Sitandade 3. Mu 1941 analowa ntchito pafakitale yopuntha thonje, imene mabwinja ake mukuwaona apowo. Kale pano panali tchire. Nyumba za antchito ndizo zinabala mudzi uno wa Makina, momwe Akhristu ndi Asilamu timamwera mjigo umodzi. Mu 1946 anakwatira mayi Pauline. Anayendetsa injini ya pafakitalepo zaka 33, ndipo ndi iwo anayambitsa timu yathu ya mpira.

Fakitale itatsekedwa mu 1974, ambiri anasamukira ku Senga Bay kukayamba usodzi. Ena mwa otsala anazula malata ndi zitseko za fakitale n'kugulitsa, kenaka anafuna kuzulanso mjigo. Malemu anakana pamaso pa mudzi wonse, nati ana sangabwerere kukamwa madzi a m'dambo iwo ali moyo.

Mu 1976 anthu omwewo analemba kalata yabodza yoti malemu anang'amba khadi la chipani. Malemu anatengedwa ndi apolisi pa 2 Juni, ali kumunda, ndipo anakhala m'ndende zaka zitatu. Boma sitikulinena ayi. Tikunena manja amene analemba kalatayo, ndipo ena mwa manjawo agwira nawo bokosi lero. Zaka zitatu zonsezo munkatunga pamjigo womwewo, koma mukaona mayi Pauline mumayang'ana kumbali.

Anabwerako mu 1979 akutsokomola, khutu limodzi litagontha. Mayina anu ankawadziwa. Atagonekedwa m'chipatala mwezi wathawu anandiuza kuti ndisadzawatchule pamaliro pawo, ndipo ndawamvera. Koma kuti ndikhale chete, zimenezo sanandipemphe. Anatisiya Lamlungu pa 14 Ogasiti 1983.

Asiya mayi Pauline, ana atatu, Stanley, Jenifer ndi Edina, ndi adzukulu asanu ndi awiri.

Tikuthokoza ampingo ndi adzukulu okumba manda. Koposa tikuthokoza bambo Binali ndi mayi Esha, amene anawalimira munda mayi Pauline pamene ena ankaopa ngakhale kuwapatsa moni. Enanu, ufa umene mwabweretsa sitinaukhudze. Uli pakhonde, muutenge pobwerera.

Achimwene, ntchito yanu munaigwira. Mzimu wanu uuse mumtendere.