Kathovu ka Mpweya M'makina a DNA

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni. Ndine Tiyamike wa ku Maryhill, kuno kutsidya kwa nyanja, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ntchito inatsala pang'ono kundithera, mtima wanga utachita dzanzi.

Ndimagwira ntchito m'labu ina ku Hillhead. Tikupanga kamakina kakakulu ngati bokosi la nsapato, koti kazikapanga DNA mlengalenga, kuti anthu opita kutali ndi dziko azidzakonza mankhwala komweko. Gawo langa ndi timachubu toonda ngati tsitsi, todutsamo madzi a mankhwala. Pansi pano mpweya ukalowa m'madzi umakwera wokha pamwamba. Mlengalenga sukwera, ndiye kathovu kamodzi kamatseka njira yonse. Poyesa tinkatembenuza kamakinako chadodolido, ndipo kanalephera kawiri.

Mayeso achiwiri atayandikira, amayi anga anamwalira ku Dedza. Sindinapite. Maliro ndinawaonera pafoni, nditakhala pamasitepe a kuntchito. Kenako abwana anatiuza kuti tikalephera kachitatu ntchitoyi itsekedwa, ndipo viza yanga ndi ya ntchito yomweyi.

Sindinalire, ngakhale mantha sindinachite. Ndinkadzuka, kukwera basi, kuyang'ana timachubu tsiku lonse, n'kubwerera. Chakudya ndinkangomeza. Kutchalitchi ndinkaimirira anzanga akaimirira, n'kukhala iwo akakhala. Pemphero lokha limene ndinkakwanitsa linali lakuti, "Ambuye, ndili pano."

Lamlungu lina tikumwa tiyi titaweruka mapemphero, Mayi Gondwe, nesi wosamalira makanda obadwa masiku asanakwane, anabwera pamene ndinakhala.

"Mwanawe, thupi lili pano koma mwiniwake kulibe. Chavuta n'chiyani?"

Za amayi sindikanatha kutchula, ndiye ndinawauza za timathovu. Ndinkaganiza kuti atopa nazo, koma anamvetsera mpaka tiyi wawo kuzizira.

"Mpweya ifetu timalimbana nawo tsiku ndi tsiku pa diripi ya mwana," anatero. "Pali kasefa kochotsa mpweya, koma umayamba wakaimika, n'kulowetsa madzi pang'onopang'ono mpaka kanyowe konse. Ukathamangitsa madzi, sikagwira ntchito."

Tisefa ta mtundu womwewo tinali nato m'kabati. Tinatisiya kale poganiza kuti n'tosathandiza, chonsecho tinkatidzaza mothamanga ndi pampu. Lolemba ndinatenga kamodzi, n'kuchita monga anandiuzira. Madzi anadutsa opanda kathovu. Ndinatembenuza kamakina mbali zonse, osatseka. Patapita milungu itatu, tinakhoza mayeso.

Anzanga anakumbatirana. Ine ndinangosamba m'manja n'kukwera sitima ya ku Pollokshields, kumene amakhala Mayi Gondwe, kukawathokoza. Anandikhazika kukhitchini, nkhani ya makina osaifunsa n'komwe.

"Ndinamva za maliro," anatero. "Amayi ako dzina lawo anali ndani?"

Ndinati, "Esinati." Chichitikireni maliro ndinali ndisanalitchule dzinalo. Ndinalira mpaka mawu kusasa, iwo atangondigwira dzanja.

Kamakinako sikanapite mlengalenga, kakudikira nthawi yake. Inenso sindinganame kuti ndachiliratu, masiku ena dzanzi limabwerera. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anayankha kapemphero kouma kaja kudzera mwa nesi wa makanda.

Inu amene simukumva kanthu mumtima lero, ngakhale popemphera, musaleke kupita pakati pa abale. Wina akakufunsani chimene chavuta, muuzeni chimene mungathe kutchula, ngakhale chikhale chaching'ono. Ambuye ayambira pomwepo.