Kusuntha Kanayi Kokha

Pa siteji ya basi pa Dedza Boma, a Anselmo, mphunzitsi wa ku Mphunzi, anaonetsa khadi la chipani kwa anyamata a yufi, n'kukhala pabenchi atakumbatira bolodi la tchesi. Pambali pawo panali bambo wina wovala mzuli.

"Mukuchokera kumpikisano wa tchesi uja?" anafunsa bamboyo. "Zayenda bwanji?"

"Musandikumbutse, bambo. Anandipatsa kamtsikana ka sekondale kuti ndisewere nako. Mumtima ndinati lero ndadya zaulere."

"Ndiye?"

"Kanakankha msilikali wa patsogolo pa mfumu, ine n'kuyankha. Kanatulutsa bishopu, kenako mfumukazi. Ndinaseka, chifukwa mfumukazi siituluka msanga chonchija. Ndikuti ndiipirikitse ndi hatchi, ndinangomva, 'Pepani aphunzitsi, yatha.'"

"Kanasuntha kangati?"

"Kanayi kokha! Tiyi wanga anali asanapole, ndi kuzizira konseku."

"Dzina lake munalimva?"

"Akuti Sharifa. Bambo ake ndikanawadziwa, ndikanawagwira mwendo kuti andiphunzitseko."

"Musavutike, aphunzitsi, bambo akewo ndine. Ndinamuphunzitsa ndine, inde, koma atayamba kundigonjetsa nanenso, chaka chatha ndinathawira ku bawo. Kumeneko ndiye sanandipezebe."