Msewu umene tinagwetsera nyumba zathu

Zaka zija malasha atangoyamba kukokera anthu ku Moatize, ine ndinali nditatsika kumene kuchokera ku Zóbuè, kumene ndinkalima mbatatesi chibwerere kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Mawondo anali atayamba kukana mapiri, ndipo mayi ako iwe Joaquina ndiwo anati, bambo bwerani tizikhala limodzi. Inu adzukulu anga lero mukuona magalimoto a malasha ngati chinthu wamba, koma ife nthawi imeneyo tinkaima n'kumawayang'ana, ndipo aliyense ankakhulupirira kuti chuma chikadutsa pakhomo pako, nawenso chikusiyira kanthu.

Chifukwa cha imvi zangazi, anthu anandisankha kukhala shefe wa nyumba khumi. Musaseke, sunali udindo wa malipiro, kunali kuyanjanitsa okangana pa mpopi basi.

Tsiku lina m'mawa anafika sekeretaliyo wa bayiro yathu, ndiye kuti mkulu wa dera lathu, ali ndi injinyeru, mnyamata waulemu wa chipewa choyera. Anayeza, anakhoma zikhomo, napaka utoto wofiira pa makoma amene anali m'njira. Sekeretaliyo anandiitanira pambali n'kuti, "A Bernardo, msewu wa phula udutsa pano mpaka kuchipatala. Anthu amakumverani inu. Auzeni agwetse okha mwa utoto monse, makina afika mwezi wamawa."

Ndinasangalala, adzukulu anga, chifukwa nthawi ya mvula amayi oyembekezera tinkachita kuwanyamula pa chitseko kuwatulutsa m'matope. Ndinayenda khomo ndi khomo. Onse anavomera, kupatula mayi Felizarda, wamasiye wa ana atatu, amene uvuni wawo wophikira pawu, buledi uja, unali pakati penipeni pa zikhomo.

Iwo anandifunsa kuti, "A Bernardo, pepala la msewuwu mwaliona?"

Ine ndinati, "Pepala sindinalione, mayi, koma zikhomo si izi?"

"Zikhomo ndi mitengo chabe. Uvuniwu ndiwo munda wanga."

Kuti aone kuti sindikunama, ndinatenga hamala n'kugwetsa khonde langa ndi chipinda chakumaso, anthu akuona. Mawa lake mayi Felizarda anagwetsa uvuni wawo.

Makina anabweradi. Anapala dothi masiku anayi, fumbi lili koboo, ife tikuwapatsa madzi akumwa oyendetsawo, ndipo tsiku lachisanu sanaoneke. Tinadikira sabata, tinadikira mwezi, kenako munthu wina wochokera ku Benga anatiuza kuti wawaona makina omwewo akuthira phula tsidya lina la tawuni, kumene kunalibe ngakhale nyumba zisanu, koma kunali nyumba ya alendo yatsopano ya mkulu wina wa ndale. Dzina lake ndilisiya, inu mukalinenanena kusukulu.

Apa ndi pamene mutu wanga unayamba kuzungulira, ndipo mpaka lero sunaime. Ndinapita kwa sekeretaliyo, iye anati funsani injinyeru. Injinyeru ndinamupeza pa msewu watsopanowo, ndipo anavula chipewa n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Bambo, ine ndimayeza pamene andiuza. Foni inalira, msewu unakhota." Ndinati analiza foniyo ndani, iye anangoloza kumwamba ndi chala. Ndinavala jekete n'kupita ku ofesi ina kumene anandilozera, ndipo bambo wa pa tebulo anatsegula chikwatu cha mapepala, nawerenga, nandiyang'ana modabwa.

"Madala, mukudandaula chiyani? Msewu wa kwanuwo unatha. Unatsegulidwa kale, riboni anadula."

Ndinati, "Achimwene, ndachokera komweko, matope ake ndi awa ali ku nsapatowa."

Iye anati, "Ine nsapato sindisunga, ndimasunga mapepala."

Kubayiro nako nkhani zinali ziwiri. Ena ankati atilanda msewu chifukwa pa chisankho sitinavote bwino. Ena ankati ayi, tinavota bwino kwambiri, n'chifukwa chake sanaone chifukwa chotinyengerera. Nanga inu mwapita kusukulu, ndiuzeni, tikanavota bwanji kuti phula lifike? Kale ku Zóbuè tikafuna njira tinkatenga makasu tonse, ndipo njira ikakhota tinkadziwa kuti yathawa mwala. Koma iyi inathawa chiyani?

Mvula itabwera, pamene makina anapala paja panasanduka chigwembe, chomwechi mumalumpha popita kusukulu. Mayi Felizarda anatumiza ana awiri kwa abale awo ku Zóbuè chifukwa analibe chowadyetsa, ndipo tikakumana ankayang'ana kumbali. Sanandinyoze, koma bola akanandinyoza. Ine sindinabe thumba la simenti ngakhale limodzi, koma pakamwa pamene panagwetsa uvuni uja panali panga.

Chilimwe chotsatira ndinatola njerwa za chipinda changa chija, n'kuzitutira pakhomo pawo pa wilibala. Ndinati, "Mayi, ndimange pati? Kuseri kwa nyumba?"

Iwo anati, "Mangani pomwe unali."

"Nanga msewu ukabwera?"

"Ukabwera udzagula pawu."

Tinaseka tonse awiri, koyamba chichitikire zija, ndipo ana awo anabwerera uvuni utayamba kufuka.

Tsono inu, sindikuti muzikana chitukuko, msewu ndi wabwino ndipo ine ndikufunabe kuuponda ndisanafe. Koma akadzabwera akuluakulu n'kukuuzani kuti anthu amakumverani, musadzathamange monga ndinathamangira ine. Mudzaitane anthu onse, mudzafunse poyera kuti walamula ndani, ndipo akasintha maganizo tidzamupeza kuti. Ndipo wina pakati panu akadzakayika, mudzakhale pansi n'kumumvetsera kufikira atamaliza, ngakhale atakhala mmodzi yekha.