Ndinkaopa Timapaipi ta M'mphuno

Moni abale ndi alongo anga mwa Ambuye. Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Tsangano, timalima mbatatesi. Ndikufuna ndikuuzeni za mwana wanga wachiwiri, amene anabadwa masiku asanakwane m'nyengo yozizira, ndi mantha amene anatsala pang'ono kundilanda mwanayo.

Matenda anandiyamba ndili kumunda, ndipo kuchipatala chathu chaching'ono anatitumiza ku chachikulu, kuboma. Mwana anabadwa wamkazi, wochepa moti ndinkaopa kumugwira. Akamapuma, pachifuwa pankalowa m'kati, milomo n'kumada. Apongozi anga, amene ankandidikirira, anandinong'oneza kuti tisamutche dzina. Ndinamva chimene ankatanthauza. Kwathu khanda lotere likapita amakaliika amayi okhaokha, popanda nyimbo, ndipo mayi wake saloledwa kulira mokweza.

Anamwino anati mwana aikidwe pa makina omuthandiza kupuma. Ife tinakula tikumva kuti munthu akamuika timapaipi m'mphuno, basi zake zatha. Amalume anga anawaika, anabwerako m'bokosi. Apongozi anayamba kumanga katundu, akuti bola akathere kunyumba, ndipo ine ndinakana makinawo. Anamwino anandifotokozera modekha kuti akatswiri ofufuza anawayesa m'zipatala zathu zomwezi, n'kupeza kuti ana ambiri obadwa msanga amapulumuka nawo. Mawuwo ndinawamva, koma mantha anali atanditseka mutu.

Ndinatuluka pakhonde n'kupemphera. Ndinati, Ambuye, ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, za kafukufuku sindizidziwa, mundionetse ndi maso angawa.

Pabenchi panakhala mayi wina wachisilamu wa ku Mlangeni. Anandifunsa cholirira, ndinamuuza zonse, za amalume zomwe. Iye anamasula chitenje pachifuwa pake, ndipo munali kamutu kovala chipewa cha ulusi, mwana akuyamwa.

"Asisi, uyu wachoka pa makina omwewo," anatero. "Amalume anuwo, abale anavomera liti kuti awaike?"

"Atasiya kulankhula," ndinayankha.

"Ndiye anawapha ndi makina, kapena kuchedwa?"

Ndinabwerera m'wodi n'kuwauza anamwino kuti amuike. Apongozi anangoti, "Akapita, mukayankha nokha kwa bambo ake."

Musaganize kuti mantha anathera pomwepo. Pamakinawo panali botolo la madzi amene ankabwata osalekeza, ndipo ine ndinakhala pambali pake ndikumvetsera. Phokoso la m'wodi likaphimba kubwatako, mtima unkaima. Nsima sinkapita. Tsiku lina khanda la pabedi loyandikana nalo linamwalira, ndipo ndinaona apongozi akuyang'ana katundu uja. Ndinagwira kaphazi ka mwana wanga, pemphero osatuluka, milomo yokha ikugwedera.

Pang'ono ndi pang'ono pachifuwa panasiya kulowa m'kati. Kenako anachotsa timapaipi tija n'kundimangirira mwana pachifuwa kuti azimva kutentha kwanga. Nditatopa, apongozi omwe aja anavula bulauzi n'kunena kuti, "Bweretsani kuno, mupumeko." Atamumangirira, apongoziwo anafunsa kuti dzina lake ndani. Ndinati Tiyamike.

Ndikuthokoza Mulungu amene anapatsa nzeru anthu ofufuza aja, ngakhale sindidzawaona, ndi amene anandiyankha kudzera mwa mayi wa chipembedzo china. Amayi anzanga, mantha adzabwera ndithu, koma pempherani, funsani, ndipo musamange katundu mwana akupumabe. Tiyamike pano akuthamanga m'mizere ya mbatatesi, agogo ake akumukalipira kuti akuponda mbewu.