Golide wa Bambo Dionísio Zeferino

Malemu athuwa, Bambo Dionísio Zeferino, anabadwa pa 9 Ogasiti 1979 ku Majaua. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mkulu wawo, Jordão. Sukulu anayambira kutsidya kwa Ruo, ku Muloza, kumene tinathawira nkhondo. Titabwerera mu 1993 anapitiriza kuno ku Milange, kenaka ku Quelimane, mpaka anakamaliza maphunziro a zasayansi ku Maputo.

Pa 14 Okutobala 2006 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Cremilda a ku Mongue. Banja lawo silinatisowetsepo tulo. Ankhoswe anangodya nkhuku ya tsiku loyamba lija, ntchito yawo n'kuthera pomwepo.

Mu 2009 analembedwa ntchito mu labotale ina ku Maputo. Apa ndipempha makutu anu, makamaka inu abale anga, chifukwa nkhani imene yatikhalitsa m'magulu awiri pamaliro pano yachokera pa ntchito imeneyi. Malemu ankakonza zakudya kuti zipimidwe ndi makina aakulu oonera zinthu zimene diso silingaone. Akabwera kutchuthi ankazungulira m'misika kutola makaka, nyemba ndi chimanga chofumbwa, anthu n'kumaseka kuti munthu wophunzira akugula zimene nkhuku yakana. Akafika nazo kuntchito ankadula kachidutswa kochepa kuposa njere ya mpunga, n'kukaumitsa kuti gwa, pakuti makinawo sagwirizana ndi chinyezi. Akatero ankakamata pa kachitsulo konga batani, n'kukakuta ndi golide kuti chithunzi chioneke bwino. Golide wakeyo ndi wongofukiza, ngati utsi. Mutapala timabatani todzaza dengu simungapeze wokwana pachikhadabo. Ndiponso sanali wawo, anali wa kuntchito.

Koma kuno kwathu tinangomva kuti a Dionísio amagwira golide tsiku ndi tsiku. Zinazo makutu anatseka.

Mu Febuluwale 2024 anayamba kutupa miyendo, ndipo madokotala anapeza matenda a impso. Anasiya ntchito n'kubwerera kunyumba kwawo kuno. Mayi Cremilda ndi amene ankawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwanyamula. Anagulitsa ngakhale makina awo osokera kuti apeze mayendedwe a kuchipatala. Ambiri a ife tinkangozonda pafoni. Malemu anatisiya pa 3 Juni 2025 kuchipatala cha ku Quelimane.

Dzulo masana, thupi lisanafike n'komwe, ena mwa ife anathyola sutikesi ya malemu. Anapezamo timabatani tonyezimira totha ntchito, timene malemu anasungira ana awo kuti aziona zimene bambo awo ankachita. Pomwepo anauza namfedwa kuti aulule kumene anakwirira golide wotsalayo, apo ayi manda akangotsekedwa atuluke m'nyumba pamodzi ndi ana. Maina sinditchula. Mukudzidziwa, ndipo ena mwakhala pafupi ndi bokosi pompano. Ine ndachita manyazi, ndipo mtima ukundiwawa kwambiri. Timabatani tija titulutseni m'matumba mutiyang'anitsitse padzuwa. Pamwamba pake pali chinangwa. Mwathyola loko wa munthu wakufa chifukwa cha chinangwa.

Malemu asiya akazi awo Mayi Cremilda, ana atatu, Dércio, Bela ndi Ednilson, komanso ife abale awo anayi. Tikuthokoza Abambo Mfumu, amayi a mphakati amene akhala pamoto kuyambira Lachitatu, adzukulu okumba manda, ndi anzawo a kuntchito amene atumiza galimoto.

Nyumba ija ndi ya mayi ndi ana awo. Makiyi a nyumbayo amene munawalanda dzulo ndawatenga, ali m'thumba mwangamu, ndipo ndiwapereka kwa alamu anga pamaso panu bokosi lisananyamulidwe. Wofuna kuwatulutsa m'nyumbamo ayambe wathana ndi ine.

Mzimu wa Bambo Dionísio uuse mumtendere, ndipo ife abale awo tiulole kutero.