Ndinkapereka moni kwa makina, mwana wanga ali kwa eni

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ndine mayi wa ana awiri kuno ku Senga Bay. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene zipinda zanga zogona alendo zinkangokhala zokiya, mpaka ndinasiyana ndi mwana wanga.

Bambo a anawa atamwalira anandisiyira zipinda zitatu. Mlamu wanga anandikonzera tsamba pa intaneti, n'kundiuza kuti mawu ndilembe ndekha. Ine ndinalemba mmene ndinaleredwera. Pamwamba ndinaika dzina la malowa, Chisomo Chokha. Kenako moni, kufunsa ngati kunyumba kuli bwino, kuthokoza Mulungu, ndi vesi. Munthu sungayambe za malonda mlendo asanakhale pansi.

Miyezi inadutsa, foni osalira. Ufa utatha ndinatumiza Tadala, mwana wanga woyamba, kwa achemwali anga ku Maganga, ine n'kutsala ndi wakhandayo. Ndinkati ndi za kanthawi chabe. Ndinkangopemphera.

Tsiku lina mvula inathawitsira pakhonde panga mayi Asiyatu, Msilamu wogulitsa chambo, amene amatsatsa nsomba zawo pa foni. Ataona makiyi onse a zipinda ali pamsomali anandifunsa, ndipo ndinawafotokozera zonse. Anatenga foni yawo n'kufufuza pa intaneti malo ogona otchipa ku Senga Bay. Anatsika pa mndandanda wa malo amene anatuluka, kutsikabe, ine mulibe. Atatsegula tsamba langa anaseka.

"Mayi a Tadala, mukupereka moni kwa makina? Alibe kwawo amenewa! Munthu ali pa depoti ku Lilongwe sadziwa Chisomo Chokha. Amalemba chimene akufuna."

Anandiphunzitsa kuti mawu amene anthu amalemba pofufuza ndi makiwedi, ndipo azikhala pa mutu wa tsamba ndi m'mizere yoyambirira. Zithunzi zanga zinali zolemera, tsamba linkachedwa kutseguka, ndiye tinazichepetsa. Anapemphanso mnzawo wa boti lonyamula alendo kuti aike pa tsamba lake linki yolozera ku tsamba langa, poti makina ofufuzirawo amakhulupirira malo amene ena akulozako.

"Si za mawa izi," anatero. "Inshallah mukwera."

Moni uja sindinauchotse, ndinangoutsitsa pansi. Pofika nthawi ya mwera tsamba langa linali pakati pa oyamba, ndipo foni inayamba kulira.

Ndinapita ku Maganga kukamutenga Tadala. Anandigwadira bwinobwino ngati mlendo, n'kuthamangira kwa achemwali anga: "Amama, kwabwera anthu."

Mawu amenewo akundiwawabe. Mano ake akutsogolo anaguluka ine kulibe. Tsiku lake loyamba kusukulu anamuperekeza ndi ena. Zonsezo chifukwa cha mizere yochepa imene sindinkadziwa kaikidwe kake. Ndikanafunsa msanga!

Komabe ndikuthokoza Mulungu amene anatuma mvula ija pamodzi ndi mayi uja. Inu amene zikukuvutani, musafooke. Pempherani, komanso funsani anthu, ndipo musadikire mmene ndinadikirira ine.

Dzulo ndikuyanika zofunda za alendo, Tadala anaitana kuti, "Amama!" Sindinacheuke msanga. Anabwera kudzandikoka chitenje. Ankaitana ine.