Nyimbo ya Mgonero M'kati mwa Makina Ojambula

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupatsani moni nonse amene muwerenge izi. Poyamba ndipepese chifukwa cholimba mtima kulemba pamalo pamene pamalemba anthu odziwa zinthu. Ine sukulu ndinaphunzira ya kumudzi kwathu kuno ku Chintheche, ndipo Chichewa ndinachidziwira m'kalasi ndi pa wailesi, pakuti kunyumba timalankhula Chitonga. Ndikalakwitsa pena mundikhululukire. Dzina langa ndine Tawonga, ndili ndi zaka makumi awiri. Ndikanakonda kukhala chete monga mwa chizolowezi changa, koma zimene Mulungu anandichitira pa matenda a msana amene anafuna kundilanda miyendo zakana kukhala mumtima mwanga ndekha.

Matendawa anayamba ngati kutopa wamba. Ada, ndiko kuti bambo anga, ndi msodzi, ndipo ine ndinkawathandiza kukoka khoka ndi kunyamula usipa kupita nawo pa mathandala oyanikapo. Msana ukawawa ndinkati ndi ntchito. Kenako mapazi anayamba kuchita dzanzi, ndipo tsiku lina ndinagwa pa bwalo la malipenga anthu akuona. Malipenga ndi gule wa kwathu, ndipo ndi pokhapo pamene ine wamanyazi ndinkaima pamaso pa anthu, chifukwa pamzere wa ovina palibe amene amakuuza kuti ulankhule. Patapita miyezi itatu ndinali woyendera ndodo ziwiri, mwendo wakumanzere ukuchita kukwekwereka.

Ku chipatala cha pafupi anatitumiza ku chipatala chachikulupo, kumenekonso anatitumiza ku Lilongwe. Ndinapita ndi ada. Ama, mayi anga, anatsala ndi ana ndi munda wa chinangwa. Dokotala wa ku Lilongwe atandiyeza anafotokoza kuti pali chinthu chikupanikiza mitsempha m'kati mwa msana, ndipo n'chotheka kuchichotsa. Koma anati sangadule munthu pamalo pamene sanapaone, choncho ndiyenera kujambulidwa kaye ndi makina akuluakulu otchedwa MRI. Anatiuzanso mosabisa kuti sabata iliyonse ikamapita mitsempha ikufa pang'onopang'ono, ndipo tikachedwa ngakhale opaleshoni sidzabwezanso miyendo yanga. Ntchito yanga inali imodzi yokha: kugona m'makinamo kwa theka la ola osasuntha ngakhale pang'ono. Ndinayankha kuti zimenezo n'zosavuta.

Amene amayendetsa makinawo anali mayi wina wa kum'mwera, mayi Mbewe. Nditawatchula kuti adokotala anaseka n'kunena kuti iwo ndi wojambula chabe. Anandivula lamba ndi chilichonse chachitsulo, ada anawasiya panja, anandigoneka chagada pa kabedi kopapatiza n'kundipatsa kampira koti ndifinye ngati zavuta. Kabedi kaja kanayamba kulowa m'chimphanga choyera. Denga lake linafika pafupi ndi mphuno yanga, mapewa anakhudza uku ndi uku. Kenako makina anayamba kugogoda.

Abale, kwathu pakachitika maliro anyamata ndife timakhoma bokosi, ndipo ine ndagwirapo misomali kangapo. Kugogoda kumene ndinamva kunali komweko, kungoti ulendo uno wam'kati ndinali ine. Mpweya unandithera, ndinafinya kampira kaja ndi manja onse awiri, ndipo ndinakuwa kuitana ama ngati mwana wa zaka zitatu. Ananditulutsa ndili thukuta lokhalokha. Ndinapepesa kambirimbiri mpaka mayi Mbewe anandiletsa.

Iwo sanakalipe. Anati anthu ambiri amachita mantha chonchi, ngakhale akuluakulu a mataye. Anati jakisoni wogonetsa alipo, koma amafuna dokotala wina amene mzere wa omudikira ndi wautali, ndipo miyendo yanga singadikire. Njira ina imene amayesa ndi nyimbo: amamuveka wodwala mahedifoni, iwo n'kulumikiza foni ku chipinda chawo, ndipo ambiri mtima umakhala m'malo. Anandifunsa nyimbo imene ndimakonda. Posafuna kuwavutitsa ndinati iliyonse imene ali nayo.

"Iliyonse ndilibe," anatero. "Ndikufuna yako."

Ada ndi amene anandiyankhira. Anatulutsa foni yawo mmene munali malipenga a gulu lathu, ojambulidwa pa mpikisano wa chaka chatha, ndipo anauza mayi Mbewe monyadira kuti mwanayu akamva ng'oma imeneyi amaiwala ngakhale njala. Ananena zoona, ndipo ine ndinavomera ndi mtima wonse. Tonse awiri sitinaganize kuti ng'oma imeneyi imachita chiyani ndi thupi la Mtonga.

Anatipatsa Lachiwiri. Kabedi katalowa, ng'oma inayamba m'makutu mwanga, nkhombo, zipanda zoliza ndi pakamwa, n'kulira pamwamba pake, ndipo mantha anathawa ndithu. Ndinatseka maso n'kuona bwalo la kwathu, masokosi oyera, fumbi, amayi akululutira. Ndinakhalamo mpaka kumapeto, ndipo ndinatuluka ndikumwetulira poganiza kuti ndapambana. Koma nkhope ya mayi Mbewe sinali yokondwa. Anaitana ada n'kutionetsa zithunzi pa kompyuta. Zinali ngati madzi amene ana avundula. Palibe chimene chinkaoneka.

"Ndakuitana katatu konse kuti usiye, sunandimve," anatero. "Mapewa akuvina, chiuno chikuvina, ngakhale mwendo wodwalawo umayesetsa."

Ada anaseka pang'ono, kenako anasiya ataona kuti nkhani yake si yoseketsa. Mayi Mbewe anati anthu odikira makinawo ndi ambiri, ndipo malo amene angathe kundipezera ndi amodzi okha, Lachisanu m'mawa. Zikakanika tsikulo, dokotala wa opaleshoni andichotsa pa mndandanda wa mwezi umenewo.

Tsiku lotsatira ndi limene ndinafika pansi penipeni. Ndinagona mu wodi nkhope kukhoma, chakudya ndinachikana. Popanda nyimbo ndinali m'bokosi, ndi nyimbo ndinali pa bwalo, ndipo konse kuwiri miyendo inkapita. Chimene chinkandipweteka kwambiri ndi ada, amene anasiya bwato nyengo ya usipa kudzagona pa simenti chifukwa cha ine, koma ine ndikulephera chinthu chimene ngakhale mtengo wogwa umatha, kugona chete. Ndinawauza kuti tingobwerera kwathu. Iwo anangotuluka panja. Pamenepo ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo. Ndinati, "Ambuye, lero sindikupempha zambiri. Ndipatseni theka la ola lokha."

Yankho linabwera Lachinayi m'mawa litavala kofia yoyera ndi phava la nthochi m'manja. Anali a Jafali, Msilamu wa ku Nkhotakota amene amagula usipa kwa ada n'kukagulitsa ku Lilongwe, ndipo akazi awo ali ndi kasitolo ku Chintheche. Anamva kwa asodzi kuti tili m'chipatala, ndipo atatsitsa matumba awo pamsika anabwera kudzationa. Ada atawafotokozera za malipenga, a Jafali anaseka mpaka nesi anabwera kudzawakumbutsa kuti muno muli odwala. Anati Atonga ngakhale mutawamanga ndi chingwe cha nangula, ng'oma ikalira achoka. Atatha kuseka anakhala pa bedi langa.

"Koma mwana wanga," anatero, "kutchalitchi kwanu kulibe nyimbo imene mumaimba mutakhala phee? Ine Lamulungu lina ndikamadutsa pa tchalitchi chanu cha Bandawe ndimamva mukuimba ina yokoka ngati nonse simunadye."

Ada anawadzudzula mwanthabwala kuti asanyoze, imeneyo ndi nyimbo ya tsiku la Mgonero. Koma ine ndinaizindikira nthawi yomweyo. Ndi nyimbo imene mpingo umaimba pang'onopang'ono utakhala pansi, akulu a mpingo akamayenda ndi mkate ndi zikho m'mabenchi. Makolo ena pa nthawi imeneyi amatulutsa ana panja, koma ama ankatikhazika pambali pawo. Ukangogwedeza phazi kapena kutembenuza khosi, zala zawo zinkafika pantchafu pako, iwo osasiya kuimba ngakhale liwu limodzi. Ndinatsinidwa choncho kuyambira ndili wamng'ono mpaka thupi langa linaphunzira lokha. Ngakhale nditakula, nyimbo imeneyo ikayamba ndimauma ngati chitsa.

Vuto linali lakuti nyimboyo panalibe amene anali nayo pa foni, ndipo foni ya ama ndi yaing'ono ya mabatani, yosatha kutumiza mawu. A Jafali sanataye nthawi. Anaimbira akazi awo, amene anatseka sitolo dzuwa lili pamutu, anakwera kabaza n'kukawapeza ama pa dambo pamene amaviika chinangwa. Ama poyamba anazengereza, chifukwa nyimbo imeneyo sitiimba paliponse. Ili ndi tsiku lake ndi malo ake. Kenako akuti anapukuta manja pa chitenje n'kunena kuti akulu a mpingo akafunsa adzawayankha okha. Anaitana anzawo atatu amene ankasenda nawo chinangwa, anaima pansi pa mtengo wa mango, ndipo mayi wachisilamu uja anawagwirira foni mpaka anamaliza ndime zonse. Madzulo asanafike nyimbo inali m'foni ya a Jafali, ndipo foniyo anatisiyira.

Lachisanu mayi Mbewe anamvetsera pang'ono n'kugwedeza mutu, nati iyi ndiye ngakhale Mtonga sangaivine. Anaikonza kuti ikatha iziyambiranso yokha. Sindinama, kabedi katayamba kulowa mantha anabweranso onse, ndipo kugogoda kutayamba chala changa chinali kale pa kampira. Kenako ndinamva liwu la ama likuyambitsa, lotsika, losathamanga, anzawo n'kulowa pambuyo pawo. Sindinachite kudzikakamiza. Mapewa anagwa okha, miyendo inakhala pamalo pake, mpweya unayamba kutsata nyimbo. Bokosi lija linasanduka benchi ya m'tchalitchi, ndipo ndinadziwa kuti amene timamukumbukira pa Mgonero ali nane m'menemo.

Pakati pa ndime yachitatu nyimbo inaduka pang'ono. Ndinamva ama akukalipira mchemwali wanga wamng'ono, Mwiza, m'Chitonga chaukali, kuti akhale pansi asasunthe apo ayi aona. Kenako anapitiriza kuimba ngati palibe chachitika. Nyimbo ikazungulira, kukalipa kuja kunkabweranso pamalo pomwepo, ndipo nthawi iliyonse ntchafu yanga inkadikira zala zawo. Ndinafuna kuseka, koma kuseka nakonso kunali ndi chilango chake. Misozi inatsikira m'makutu, sindinaipukute. Pamene kabedi kanatuluka ndinkaganiza kuti pangopita mphindi khumi.

Mayi Mbewe anathamanga kukaitana ada pakhomo. Pa kompyuta mafupa a msana wanga anaoneka ondandalikana bwino, lililonse palokha, ndipo pakati pawo panali kanthu kofanana ndi njere ya mtedza. Analoza ndi cholembera n'kunena kuti mdani wanu ndi ameneyu. Ada, amene sindinawaonepo akulira, anagwira dzanja la mayiyo ndi manja awiri n'kumangothokoza m'Chitonga kuti yewo, yewo. Mayi Mbewe anapempha kuti asunge nyimboyo chifukwa cha odwala ena a kwathu. Titawaimbira ama, anavomera koma anati achotsemo pokalipa paja. Mayi Mbewe anakana, nati pamenepo ndiye pali mankhwala.

Sabata yotsatira anandichita opaleshoni, ndipo chotupacho anachichotsa chonse. Atachiyeza anapeza kuti si cha mtundu wofalikira. Kuchira sikunali kwa tsiku limodzi. Ndinaphunzira kuima pogwira zitsulo, ndinagwa, ndinalira, ndipo kunyumba ama ankandiyendetsa kuzungulira nyumba m'mawa uliwonse ngakhale ndikukana. Koma dzanzi linkachepa sabata ndi sabata, kuchokera m'mawondo kutsikira ku zala, mpaka m'mawa wina ndinamva nyerere ikuyenda pa phazi lakumanzere ndipo ndinaitana mudzi wonse.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wotaya mtima. Ndikuthokoza madokotala, ndi mayi Mbewe amene anandipatsa mwayi katatu. Ndikuthokoza a Jafali ndi akazi awo; ine ndinkadikira thandizo kuchokera kwa anthu a mpingo wanga, koma Ambuye anasankha kudzera pa sitolo ya Msilamu, ndipo sindidzawafunsa chifukwa chake. Inu amene mukudikira kulowa m'makina otere, kapena muli ndi wodwala amene akuwaopa, musabise mantha chifukwa cha manyazi. Auzeni ojambulawo zoona, funsani ngati n'kotheka kumvera nyimbo, ndipo ganizirani bwino imene imakhazika thupi lanu pansi, chifukwa mwina si imene mumaikonda kwambiri. Ndipo inu amene mayesero anu ndi ena, mwalephera kamodzi, mwalephera kawiri, musanyamule katundu kubwerera kwanu. Pempherani ngakhale mawu ochepa, ndipo mulandire amene angalowe pakhomo.

Pa ulendo womaliza wokaonana ndi dokotala, anandiuza kuti ndiyende kuchokera pakhomo mpaka pawindo, ndibwerere, ndiime ndi mwendo umodzi. Ndinachita zonse. Anatseka buku langa la kuchipatala n'kunena kuti sakufunanso kundiona. Ndodo ziwiri zija ndinazisiya komweko kuti zikathandize wina, ndipo ndinatsika masitepe a chipatala ndekha, ada akubwera pambuyo manja ali m'thumba. Linali Lachiwiri, patapita masiku awiri chichitikireni Pasaka ya chaka chino.